Chimbale cha Nyimbo Zotchuka za Bandi: Wosankha Amakhala Yani?

Chimbale cha nyimbo zotchuka ndi chimbale chomwe kwenikweni sichibweretsa nyimbo zatsopano, koma chimasonkhanitsa pamodzi nyimbo zomwe bandi inatulutsa kale m'zimbale zosiyanasiyana, ndipo chimagulitsidwa ndi lonjezo lakuti wogulayo apezamo zonse zoyenera kuzidziwa za bandiyo popanda kutaya ndalama pa zimbale zisanu kapena khumi. Lonjezoli limaoneka losavuta, koma limabisa funso lalikulu, pakuti nyimbo sizidzisankha zokha: pamakhala munthu amene amanena kuti iyi ilowe, iyi itsale, iyi ikhale yoyamba, ndipo kawirikawiri munthuyo sakhala woimbayo, komanso sakhala womvera amene ankavina nyimbozo pamene zinali zatsopano. Kwa munthu wa ku Magaleta m'boma la Neno, amene nyimbo zambiri zimamufika kudzera pa wailesi ndi pa memory card ya m'foni, funsoli si lachilendo, ngakhale kuti nyimbo za rock, zomwe maziko ake ndi gitala wamagetsi, gitala wa besi ndi ng'oma zachizungu, sizinazike mizu kwenikweni m'Malawi. Kumene zinazika mizu pafupi ndi kwathu kuno ndi ku Zambia, ndipo mbiri ya zimbale zosonkhanitsa nyimbo za rock za kumeneko ikuonetsa poyera mmene wosankha amaumbira chikumbukiro cha anthu.

Mchitidwe wosonkhanitsa nyimbo zotchuka unakhazikika ku America m'chaka cha 1958, pamene kampani ya Columbia inatulutsa Johnny's Greatest Hits cha Johnny Mathis, chimbale chomwe chinakhala masabata 490 pa mndandanda wa Billboard wa zimbale zogulidwa kwambiri. Makampani anaphunzirapo kuti nyimbo zojambulidwa kale zikhoza kugulitsidwa kachiwiri popanda kulipira situdiyo kapena kudikira woimba kuti apeke zina, ndipo chokhacho chomwe chinkawaletsa kuikamo zonse chinali kukula kwa chimbalecho. Chimbale chachikulu cha pulasitiki yakuda, chotchedwa LP, chinkanyamula pafupifupi mphindi 22 mbali iliyonse, choncho zaka zisanu kapena khumi za ntchito ya bandi zinkayenera kupanikizidwa m'nyimbo khumi kapena khumi ndi zingapo, ndipo nyimbo yaitali, ngakhale ikhale yokoma chotani, inkadya malo a nyimbo ziwiri zazifupi.

Chitsanzo chodziwika kwambiri pa nyimbo za rock ndi Their Greatest Hits (1971–1975) cha bandi ya Eagles, chomwe chinatuluka mu February 1976 ndi nyimbo 10 zotengedwa m'zimbale zinayi zoyamba za bandiyo. Ganizo lotulutsa chimbalechi linachokera ku kampani ya Asylum, ndipo Don Henley, woimba ng'oma komanso mmodzi mwa otsogolera bandiyo, sanabise kusakondwa kwake ndi kuzula nyimbo m'zimbale zomwe zinapekedwa kuti zimveke monga nkhani imodzi. Chodabwitsa n'chakuti nyimbo yomwe dziko lonse limadziwira Eagles, Hotel California, mulibemo, chifukwa inatuluka mu December chaka chomwecho. Komabe chimbalechi ndi chomwe chinayamba kulandira chizindikiro cha platinum, chomwe bungwe la makampani a nyimbo ku America limapereka kwa chimbale chogulidwa kokwana miliyoni imodzi, ndipo pofika 2018 bungwelo linali litachiwerengera mamiliyoni 38. Bandi ya Queen, yomwe woimba wake Freddie Mercury anabadwira ku Zanzibar mu 1946, inapereka umboni wina wosatsutsika mu 1981, pamene Greatest Hits yake inatuluka ndi mndandanda wosiyana m'maiko osiyanasiyana: ogula a ku America anapatsidwa Under Pressure yomwe a ku Britain sanapatsidwe, a ku Japan anapatsidwa nyimbo yokhala ndi mawu a Chijapani, pamene a ku Argentina ndi Brazil anapatsidwa Love of My Life yojambulidwa pa dansi. Kutchuka kwa nyimbo kunkayezedwa ndi msika wa dziko lililonse payekha.

Amalawi ambiri amachidziwa bwino chimbale cha mtundu umenewu kudzera mu reggae, ndipo ngakhale reggae si rock, nkhani ya Legend ya Bob Marley and the Wailers ikuyenera kutchulidwa chifukwa imakhudza dera lino mwachindunji. Chimbalechi chinatuluka mu 1984, patapita zaka zitatu Marley atamwalira, ndipo amene anatsogolera kusankha anali Dave Robinson wa kampani ya Island, yemwe cholinga chake chinali kugulitsa Marley kwa mabanja achizungu omwe sankagula reggae. Munalowa nyimbo zachikondi ndi zachisangalalo zambiri pamodzi ndi zochepa zolimbikitsa kumenyera ufulu, koma simunalowe ngakhale nyimbo imodzi ya m'chimbale cha Survival cha 1979, momwe muli Zimbabwe ndi Africa Unite, nyimbo za munthu amene mu April 1980 anaimba pa bwalo la Rufaro ku Salisbury, komwe lero ndi ku Harare, usiku womwe dziko la Zimbabwe linalandira ufulu. Wosankha akanakhala wa ku Mbare kapena wa ku Ndirande, Legend chikanakhala chimbale china ndithu.

Nyimbo za rock za ku Zambia, zomwe zimatchedwa Zamrock, zinakula m'zaka zoyambirira za m'ma 1970 m'matauni a migodi ya mkuwa monga Kitwe, Ndola ndi Chingola, komanso mu Lusaka. Dzikolo litalandira ufulu mu 1964 mkuwa unkagulidwa pa mtengo wabwino, ogwira ntchito m'migodi anali ndi ndalama zogulira zimbale ndi zolowera m'maholo, ndipo achinyamata omwe anakula akumva Jimi Hendrix, Rolling Stones, Deep Purple ndi James Brown anayamba kuimba nyimbo zawozawo m'Chingerezi, m'Chibemba ndi m'Chinyanja. Pakati pa zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za oimba a m'dzikomo, lamulo lomwe linatsegulira mabandi msika womwe sakanaupeza mwa njira ina iliyonse. Ku Ndola kunali kampani ya Teal, yomwe inali ndi makina osindikizira zimbale, komanso Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo, yomwe inatulutsa zimbale zambiri za nthawiyo.

Bandi yomwe inatchuka koposa inali WITCH, dzina lomwe eni ake ankalitambasula kuti We Intend To Cause Havoc, ndipo woimba wake wamkulu anali Emmanuel Chanda, yemwe anthu anamutcha Jagari pomufanizira ndi Mick Jagger chifukwa cha kudumpha ndi kuvina kwake pa nsanja. Pakati pa 1972 ndi 1977 bandiyi inatulutsa zimbale zisanu, kuyambira Introduction, kenako In the Past, Lazy Bones!! cha 1975, Lukombo Vibes cha 1976, mpaka chimbale cha 1977 chomwe muli nyimbo ya Janet. Panalinso Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, Amanaz ya ku Kitwe yomwe inatulutsa chimbale chimodzi chokha, Africa, mu 1975, ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi, dzina lake lenileni Paul Nyirongo, mwana wa mu Lusaka amene nyimbo zake zambiri za m'Chinyanja munthu wa ku Neno angazimve popanda womasulira. Chomwe chinkagwirizanitsa mabandi onsewa chinali kulira kwa gitala wodutsa m'kabokosi kotchedwa fuzz, kachipangizo komwe woimba amakaponda ndi phazi, ndipo kamakweza mphamvu ya mawu a gitala kupyola muyeso mpaka nsonga za mawuwo zitadukaduka, kotero kuti chingwe chimodzi chikakhudzidwa chimalira mosasa ndi mokhalitsa m'malo molira mosalala ndi kuzimirira msanga. M'chimbale cha 45,000 Volts cha Ngozi Family, cha 1977, kusasa kumeneku kumamveka pamwamba pa ng'oma za Chrissy Zebby Tembo, ndipo zojambulirazo zinali zosakwanira moti nthawi zina mawu a woimba amamira m'phokoso la zingwe.

Zonsezi zinatha msanga. Mtengo wa mkuwa unagwa kuyambira 1974 ndi 1975, ndalama zakunja zogulira zida ndi pulasitiki ya zimbale zinasowa, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pamene ndege za boma la Rhodesia zinkaphulitsa misasa ya omenyera ufulu m'Zambia, boma linaletsa kuyenda usiku, zomwe zinapha madansi omwe mabandi ankadyerapo. Disco inalanda achinyamata a m'tauni, kalindula, yemwe amatsogozedwa ndi besi ndipo anachokera ku chigawo cha Luapula, analanda ena onse, makaseti okopera anadya phindu la zimbale, kenako Edzi inatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Jagari Chanda, amene anali atachoka kale mu WITCH n'kukaphunzira uphunzitsi wa nyimbo, anadzakhala wokumba miyala ya mtengo wapatali, ndipo ndi iye yekha amene anatsala wamoyo mwa anthu omwe anaimba m'zimbale zoyamba za WITCH zija.

Zimbale zosonkhanitsa Zamrock zomwe zinafika pa msika wa dziko lonse zinabadwa patapita zaka zoposa makumi atatu, ndipo zinabadwira kunja. Osonkhanitsa zimbale zakale a ku Ulaya ndi America ndiwo anayamba kuzisaka, kampani ya Shadoks ya ku Germany inatulutsanso zingapo, kenako Eothen Alapatt wa kampani ya Now-Again ku Los Angeles anagwirizana ndi Ililonga ndi Chanda kuti ntchitoyo ichitike ndi chilolezo cha oimba ndi mabanja awo. Mu 2010 munatuluka Dark Sunrise, chosonkhanitsa nyimbo za Ililonga ndi Musi-O-Tunya. Mu 2012 munatuluka We Intend To Cause Havoc!, bokosi la ma CD anayi lonyamula zimbale zisanu za WITCH pamodzi ndi nyimbo zina zomwe zinatuluka pazokha; ndipo mu 2017 munatuluka Welcome to Zamrock! m'magawo awiri, limodzi ndi mabuku omwe Alapatt analemba mothandizana ndi Leonard Koloko, wolemba mbiri ya nyimbo wa ku Zambia. Apa pakufunika kusiyanitsa mitundu iwiri ya zimbale zosonkhanitsa, chifukwa anthu amaisokoneza. Cha Eagles chija chinasankha nyimbo zochepa mwa zambiri zomwe zinkapezekabe m'sitolo, ndipo muyeso wake unali malonda omwe anawerengedwa. Bokosi la WITCH linasonkhanitsa zonse za nyengo imodzi chifukwa zinali zitasowa, ndipo ntchito yake yoyamba inali kupulumutsa. Pamene tepi yoyambirira, yomwe nyimbo inajambulidwapo mu situdiyo ndipo zimbale zonse zimakoperedwa kuchokera pa iyo, inali itatayika, akatswiri ankatenga nyimbo pa chimbale chakale chokandikakandika n'kuchotsa phokoso la zikandozo pa kompyuta.

Ngakhale wopulumutsa amasankha. Bokosi la 2012 linalekezera pa 1977, chaka chomwe nyengo ya Chanda inatha, ndipo zimbale ziwiri za disco zomwe WITCH inatulutsa pambuyo pake ndi Patrick Mwondela pa kiyibodi, Movin' On cha 1980 ndi Kuomboka cha 1984, zinadzatulutsidwanso pazokha, ngati kuti ndi za bandi ina. Welcome to Zamrock! nayo inatenga zaka za 1972 mpaka 1977 zokha, ndipo khutu lomwe linasankha linali khutu lofuna gitala wosasa uja, wofanana ndi Hendrix kapena Black Sabbath koma wochokera kumalo komwe ogula a ku London ndi New York sankayembekezera. Zotsatira zake n'zakuti munthu wakunja amene amadziwa Zambia kudzera m'zimbalezi amaganiza kuti nyimbo za dzikolo zinafika pachimake mu 1975 n'kufa, pamene kwa anthu a ku Chipata, Lusaka ndi Mchinji zaka za m'ma 1980 ndizo za P.K. Chishala, Amayenge ndi Shalawambe, omwe kalindula wawo anavinidwa m'maukwati ndi m'mabala kuposa mmene Amanaz inavinidwira. Paul Ngozi mwiniyo anapitiriza kuimba mpaka m'ma 1980, akudzudzula makhalidwe a m'makomboni m'Chinyanja chomveka, koma Ngozi amene dziko lakunja linapatsidwa ndi wa 1976 ndi 1977, ndipo ogula ambiri a zimbalezo samva n'komwe chimene akunena. Zikufanana ndi mulu wa manachesi pa msewu wa ku Zalewa, womwe wogulitsa amauunjika poganizira wapaulendo wa pa basi, pamene a pamudzi amadziwa mtengo womwe zipatso zake ndi zotsekemera ngakhale khungu lake silikopa maso.

Kunena izi sikupeputsa ntchito yomwe inagwiridwa, pakuti popanda zimbalezi Zamrock ikanatsala m'makumbukiro a okalamba okha. Chanda anabwereranso pa nsanja, filimu ya Gio Arlotta yonena za iye inatuluka mu 2019, ndipo mu 2023 WITCH yatsopano, momwe muli Chanda, Mwondela ndi oimba achinyamata a ku Ulaya, inatulutsa Zango, chimbale chojambulidwa ku DB Studios mu Lusaka komwe Lazy Bones!! chinajambulidwa. Sampa the Great, wobadwira ku Zambia, analemekeza Zamrock m'nyimbo yake Never Forget mu 2022, ndipo oimba a hip hop a ku America anayamba kudula tizidutswa ta nyimbo zakalezo n'kumangirapo zawo: Travis Scott anatenga kwa Amanaz mu 2023, Tyler, the Creator anatenga Nizakupanga Ngozi ya Ngozi Family m'nyimbo yake Noid mu 2024. Motero mawu a Chinyanja cha mu Lusaka anamveka kwa anthu mamiliyoni omwe sadziwa kuti chinenerocho chimalankhulidwa kuti, ndipo anafika kumeneko chifukwa wina anali atasankha 45,000 Volts kuti chisindikizidwenso.

Malawi sanakhale ndi Zamrock yake, ndipo zifukwa zake n'zodziwika. Kuno kunalibe matauni a migodi okhala ndi antchito ambiri olandira malipiro a pamwezi, popeza amuna a kuno ankapita kukakumba migodi ya eni ku Joni, ku Rhodesia ndi ku Zambia komweko. Kunalibe makina osindikizira zimbale. Wailesi inali imodzi, MBC, ndipo kanema sanabwere mpaka 1999. Lamulo lounika zosangalatsa la 1968 linapatsa bungwe la boma mphamvu zoletsa nyimbo, mabuku ndi mafilimu, ndipo malamulo a kavalidwe a m'ma 1970 analetsa amuna kusunga tsitsi lalitali ndi kuvala mabuluku otambalala m'munsi, zomwe zinali chizindikiro chenicheni cha woimba rock. Mabandi a zida zamagetsi analipo, monga MBC Band, Kalimba ndi Makasu, komanso Alleluya Band ya ku Balaka yomwe Paul Banda anaitsogolera, koma nyimbo zambiri za nthawiyo, kuphatikizapo za Allan Namoko, Robert Fumulani ndi abale a Kachamba a ku Chileka, zinkajambulidwa pa matepi akuluakulu a MBC kuti ziulutsidwe, osati kuti zigulitsidwe. Pamene palibe malonda owerengedwa palibenso mndandanda wonga wa Billboard, choncho nyimbo yotchuka m'Malawi wa nthawi imeneyo inali yomwe muulutsi ankaibwereza, yomwe omvera ankaipempha m'makalata, ndiponso yomwe ounika anailola.

Kaseti ndiyo inabweretsa msika weniweni m'zaka za m'ma 1990, pamene oimba ankapita ndi tepi yawo kwa ogulitsa monga O.G. Issa ku Limbe, ndipo bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, linkamata chizindikiro chake pa makaseti ovomerezeka. Bandi ya Black Missionaries ya ku Chileka, yomwe anthu amaitcha Ma Blacks, ikusonyeza njira ina yosungira mbiri ya bandi, pakuti m'malo modalira chimbale chimodzi chosankha inapatsa zimbale zake zonse dzina limodzi, Kuimba, n'kumangowonjezera nambala, kuyambira pa ziwiri zoyamba za Evison Matafale, amene anamwalira ali m'manja mwa apolisi mu November 2001, kudutsa nyengo ya Musamude Fumulani, amene anamwalira mu 2007, mpaka ya Anjiru Fumulani. Aliyense wofuna kusankha nyimbo khumi ndi ziwiri za Ma Blacks angakumane ndi vuto lomwe osonkhanitsa WITCH anakumana nalo, loti bandi imodzi ili ndi mibadwo ingapo ya oimba ndi ya omvera, ndipo amene anakula ndi Matafale sangavomereze mndandanda wa amene anayamba kuvina m'nthawi ya Anjiru.

Ku Magaleta, monganso pa misika ina ya m'boma la Neno, lomwe linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, chimbale cha nyimbo zotchuka chimapangidwa tsiku ndi tsiku ndi anyamata obena nyimbo, kutanthauza okopera nyimbo kuchokera pa kompyuta kupita pa memory card kapena pa fulashi ya kasitomala. Kasitomala satchula nyimbo imodziimodzi. Amangonena kuti akufuna za Lucius Banda, za Ma Blacks, za kalindula kapena zakale, ndipo wobenayo amatsegula foda yomwe iyenso anaikopera kwa mnzake wa ku Zalewa, ku Mwanza kapena ku Blantyre, n'kuthiramo mpaka malo atadzaza. M'foda yotere nyimbo imodzi imapezeka kawiri ndi maina awiri, ina imalembedwa dzina la woimba amene sanaiimbe, ina ilibe dzina koma nambala chabe, chaka chomwe inatuluka sichilembedwa, ndipo oimba gitala ndi ng'oma satchulidwa konse. Komabe kusankha kumeneku kuli ndi chilungamo chake chomwe Dave Robinson analibe, chifukwa wobena amakhala pakati pa omvera ake, ndipo nyimbo yomwe anthu saifuna pa chinkhoswe kapena pa sipika ya pa golosale imachoka yokha m'foda, pamene yomwe amabwera kudzaifunsa imakhala. Malire a mphindi 22 aja anatha, popeza khadi kakang'ono kamanyamula nyimbo mazanamazana, koma kusankha sikunathe: nyimbo yomwe sinachoke pa tepi ya MBC kapena pa kaseti kupita pa kompyuta siingafike m'foda ya wina aliyense, ngakhale inali yokondedwa chotani mu 1982.

Chomwe wobena sangachite ndi kubweza ndalama kwa woimba kapena kwa ana ake, zomwe Now-Again inayesetsa kuchita pofunafuna mabanja a oimba Zamrock ndi kulemba nawo mapangano. Lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016, lomwe linalowa m'malo mwa la 1989, linayesa kutseka mpatawu poika msonkho pa zipangizo zosungira nyimbo zolowa m'dziko, ndalama zomwe COSOMA imagawira mamembala ake. Msonkho wotere umatoleredwa pa chipangizo, osati pa nyimbo, choncho sungathe kudziwa ngati khadi yogulidwa pa msika wa ku Neno yadzazidwa ndi Namoko, Matafale kapena Paul Ngozi, ndipo banja la woimba amene anamwalira bungwelo lisanabadwe limayenera kuyamba lalembetsa nyimbo zake ndi kusonyeza kuti ndi zakedi, ntchito yomwe imavuta pamene umboni wokhawo ndi tepi yosungidwa ku Blantyre ndi foda yopanda maina.